Chigoba chopyapyala chomwe chimaumba chitsulo: mmene luso la fomu yotayika limagwirira ntchito

MAZOWE, Zimbabwe – Chigayo chophwanya miyala ya golide chimadya miyala, komanso chimadya chitsulo chake chomwe. M'chigwa cha Mazowe, kuyambira ku mgodi wakale wa Jumbo mpaka ku Bindura ndi ku Shamva, golide wambiri amapezeka m'mitsempha ya mwala woyera wotchedwa quartz. Mwala umenewu ndi wolimba kuposa chitsulo wamba, moti nthawi iliyonse pamene hamala ya chigayo yaumenya, kachidutswa kosaoneka ndi maso kamachoka pa hamalayo.

Tani imodzi ya miyala imabereka magalamu ochepa chabe a golide, koma m'migodi yambiri tani yomweyo imamaliza theka la kilogalamu kapena kuposerapo la mipira yachitsulo yoperera miyala. Nsagwada za makina oswa miyala, mahamala, mbale zotchinga m'kati mwa chigayo ndi mapiko a mapampu okoka matope, zonsezi zimaperepeseka ngati sopo, ndipo chimodzi chikathyoka ntchito imaima mpaka china chitapezeka.

M'chaka cha 2024, golide woperekedwa ku Fidelity Gold Refinery, kampani ya boma yogula ndi kuyenga golide m'dziko la Zimbabwe, anakwana matani 36.5, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu anachokera kwa okumba ang'onoang'ono. Anthu amenewa amatengera miyala yawo ku zigayo za eni, ndipo mwini chigayo chotere alibe mphamvu zosunga zipangizo zapadera monga ungachitire mgodi waukulu wa Freda Rebecca, womwe unayamba ntchito ku Bindura m'chaka cha 1988. Iye amagula pamene chathyoka, kuchokera ku Harare, ku Bulawayo, ku South Africa kapena ku China.

Zipangizo zambiri mwa izi sizisulidwa ndi nyundo. Zimaumbidwa pothira chitsulo chosungunuka m'chikombole. Imodzi mwa njira zochitira zimenezi, yomwe mafakitale ambiri a ku China amaigwiritsa ntchito popanga mahamala, mbale ndi mipira ya zigayo, imatchedwa lost foam pa Chingerezi, kutanthauza fomu yotayika. Fomu yake ndi yoyera ndi yopepuka ija imene imabwera m'makatoni a wailesi ndi mafiriji, yomwe ku Zimbabwe imadziwika ndi dzina loti kaylite. Dzinali limachititsa anthu kuganiza kuti chinsinsi chili mu fomu, pamene mbali yovuta kwambiri ya ntchitoyi ili m'phala limene amapaka pamwamba pake.

Vuto lakale la chikombole

Anthu ochokera ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete akhala akugwira ntchito m'migodi ya chigawo chino kwa zaka zoposa 100. Pa sitiraka ya pa mgodi wa Shamva m'chaka cha 1927, ambiri mwa ogwira ntchito oposa 3,000 anali a ku Nyasaland. Zidzukulu zawo zikadali m'makomboni, ndipo malamulo aakulu a dziko a m'chaka cha 2013 anaika chilankhulo chawo m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Chilankhulochi chili ndi mawu akale a luso la zitsulo, monga ng'anjo, mvukuto ndi chipala, koma chilibe mawu akeake a kuthira chitsulo. Chifukwa chake n'chakuti ng'anjo za makolo sizinkasungunula chitsulo mpaka kuyenda ngati madzi; zinkatulutsa chibuma chimene wosula ankachimenya kufikira chitasanduka khasu. Chomwe chinkathiridwa ndi mkuwa, ndipo ku Great Zimbabwe kunapezeka chikombole chake chosemedwa pa mwala. Mawu oti chikombole lero amamveka kwambiri kwa oumba njerwa, ndipo ndi amene agwiritsidwe ntchito pano.

Pa njira yofala, mmisiri amasema chifanizo cha chinthu chomwe akufuna pa thabwa, n'kuchikwirira mumchenga wonyowa wosakaniza ndi dongo. Akatsendera bwino, amachotsa thabwalo ndipo pamatsala mphako ya maonekedwe ake, momwe amathiramo chitsulo. Amisiri osungunula aluminiyamu kuti apange miphika m'misika ya m'matauni amachita zomwezi.

Vuto ndi lakuti thabwalo liyenera kutuluka. Pa chifukwa chimenechi chikombole chimagawidwa pawiri, m'mbali mwa chifanizo mumasemedwa mopendekeka pang'ono kuti chisakoke mchenga, ndipo mphako iliyonse ya m'kati mwa chipangizo imafuna chibuma chapadera cha mchenga womatidwa. Pomwe magawo awiri akumana pamatsala msoko wofunika kupala. Gudumu la mapiko la pampu, lomwe lili ndi njira zokhotakhota m'kati, limafuna zibuma zingapo, ndipo chimodzi chikasuntha gudumu limatuluka lolemera mbali imodzi.

Pa 15 April 1958, Harold Shroyer wa ku America analandira chiphaso cha umwini wa luso lomwe linathetsa vutoli mwa njira yachidule: chifanizo chisatuluke, chipsere momwemo. Panali patangopita zaka zochepa kuchokera pamene kampani ya BASF ya ku Germany inayamba kupanga fomu ya polystyrene. Shroyer ankakwirira fomuyo mumchenga womatidwa ndi mankhwala. Pofika 1964 ofufuza ena anali atasonyeza kuti mchenga wouma, wopanda chomatira chilichonse, ukhoza kugwira ntchito. Apa ndi pomwe phala lopaka linakhala lofunika koposa, pakuti mchenga wouma sungaime wokha.

Luso limeneli linatchuka pamene kampani ya General Motors inaligwiritsa ntchito pa mainjini a galimoto za Saturn, zomwe zinayamba kupangidwa ku Spring Hill m'boma la Tennessee m'chaka cha 1990 ndipo zinasiya kugulitsidwa m'chaka cha 2010. Amakanika ankazindikira mainjini amenewa ndi khungu lake, lomwe linkaonetsa timibulu ta fomu ngati kuti aluminiyamuyo ndi kaylite yopakidwa utoto.

Chifanizo chopepuka ngati nthenga

Fomu imayamba ngati timibulu tolimba tonga shuga, tokhala ndi mpweya wa pentane m'kati. Tikakumana ndi nthunzi yotentha timafufuma ngati mbuliwuli. Kenaka amatipopera m'chikombole cha aluminiyamu, n'kulowetsanso nthunzi kuti tifufume kachiwiri ndi kugwirana. Chotuluka chake ndi chifanizo chomwe mbali zoposa 97 pa 100 zilizonse ndi mpweya. Lita imodzi ya fomu yotere imalemera magalamu 20 mpaka 25, pamene lita imodzi ya chitsulo cha steel imalemera makilogalamu 7.8. Motero nsagwada ya makilogalamu 70 imayamba ngati chinthu cha magalamu pafupifupi 200, chimene mwana anganyamule ndi dzanja limodzi.

Chifanizo chimapangidwa chokulirapo pang'ono chifukwa chitsulo chimanyala chikamazizira: cast iron ndi gawo limodzi pa 100, steel ndi magawo awiri, ndipo steel ya manganese kuposerapo. Chipangizo chovuta chimapangidwa m'zidutswa zomwe zimamatidwa ndi guluu wotentha, ndipo njira zodutsamo chitsulo, nazonso za fomu, zimamatidwa pomwepo. Zifanizo zing'onozing'ono zimalumikizidwa zambiri pa thunthu limodzi ngati mkoko wa nthochi. Guluu amafunika dzanja louma, chifukwa ndi wolemera kwambiri kuposa fomu ndipo dontho lililonse lopitirira limasanduka utsi ndi litsiro m'chitsulo.

Phala ndi chigoba

Chifanizo chikakonzeka chimaviikidwa m'phala la seramiki, kapena phalalo limathiridwa pamwamba pake, kupoperedwa kapena kupakidwa ndi burashi. Mbali yaikulu ya phalali ndi ufa wa miyala yosagonja ku moto, monga silica, alumina, zircon, mica kapena magnesite wootcha. Mumakhalanso dongo la bentonite loletsa ufawo kudikha pansi, zomatira zolimbitsa, ndi mankhwala onga sopo othandiza kuti phala ligwire, pakuti madzi paokha amangotsetsereka pa fomu ngati pa tsamba la koko. Chosungunulira chake kawirikawiri ndi madzi. Aliyense amene anaonapo kaylite itakhudzana ndi petulo amadziwa chifukwa chake: imasungunuka nthawi yomweyo.

Phala labwino limayenda likamatakasidwa ndipo limaima likasiyidwa, kuti lilowe m'ngodya zonse koma lisayenderere n'kukaunjikana pansi. Mafakitale amaliyesa tsiku ndi tsiku pothira m'kapu yobooka pansi ndi kuwerenga masekondi omwe limatenga kuti lithe, komanso poyesa kulemera kwa chifanizo chisanapakidwe ndiponso chitauma. Kuviika nakonso kumafuna luso. Fomu imayandama, ndipo kuikankhira m'phala lolemera mwamphamvu kumapinda mbali zopyapyala.

Likauma, phala limasanduka chigoba. Pa aluminiyamu chimakhala chochindikala theka la milimita kapena kucheperapo. Pa zitsulo zolemera chimafika milimita imodzi kapena awiri, ndipo chimapakidwa kawiri kapena katatu, kuyembekeza kuti chiume nthawi iliyonse.

Chigobachi chili ndi ntchito zingapo zomwe zimalimbana. Chimalimbitsa chifanizo kuti chisapindike pokwiriridwa. Chimatchinga chitsulo kuti chisalowe pakati pa njere za mchenga, motero khungu la chipangizo limatengera kusalala kwa m'kati mwa chigoba. Chimagwira mchenga pa kanthawi kochepa kamene fomu yachoka koma chitsulo chisanafike. Pamwamba pa zonsezi, chiyenera kupuma. Chigoba cha dzira chili ndi timaenje tosaoneka tomwe mwanapiye amapumira, ndipo mtsuko wadothi umatuluka thukuta koma osataya madzi. Chigoba cha seramiki chiyenera kukhala chotero: chotsekera chitsulo ndi mchenga, chotsegukira mpweya.

Muyeso wa kupumako ndi umene umasiyanitsa chipangizo chabwino ndi chotayidwa. Chigoba chikakhala chothina kwambiri, utsi wa fomu umasowa kolowera. Umakankha chitsulo kubwerera, chitsulo chimayenda pang'onopang'ono n'kuuma chisanafike kumapeto, kapena utsiwo umatsekeredwa m'kati n'kusiya mphako. Nthawi zina umalavula chitsulo chamoto kudzera pomwe akuthirira. Chigoba chikakhala chotseguka kwambiri, chitsulo chimathamanga mosalongosoka, chimazinga zidutswa za fomu zisanathe kupsa, ndipo chimaboola n'kukagwirana ndi mchenga. Kukula kwa njere za ufa, maonekedwe ake ndi kuchindikala kwa chigoba ndi zimene zimalamulira zonsezi. Njere zozungulira zimasiya mipata yambiri. Mica, yemwe amakhala timapepala tosanjikizana, amachepetsa mipata ndipo amasunga kutentha, n'chifukwa chake amakondedwa pa aluminiyamu, yemwe amazizira msanga.

Nzeru imeneyi si yachilendo mu Africa. Amisiri a mtundu wa Asante ku Ghana, omwe ankaumba timiyeso ta golide pogwiritsa ntchito phula la njuchi, ankayamba kupaka phulalo ndi dongo losalala losakaniza ndi makala opera, kenaka n'kukuta ndi dongo lokhakhala losakaniza ndi ulusi wa zomera kapena ndowe. Makala ndi ulusi zikapsa zimasiya timipata topumira. Kusiyana kwake n'kwakuti phula limasungunulidwa n'kutayidwa chitsulo chisanathiridwe, pamene fomu imakumana ndi chitsulo maso ndi maso.

Kuumitsa chigoba ndi ntchito yosafuna changu. Kumachitika m'chipinda cha mphepo yofunda, pa madigiri 40 mpaka 60, chifukwa kutentha kopitirira apo kumapotoza fomu, ndipo kuumitsa mofulumira kumang'amba chigoba. Chinyontho chotsalira ndi choopsa. Madzi akasanduka nthunzi amafufuma pafupifupi ka 1,700, ndipo akatero pansi pa chitsulo chosungunuka amachimwaza pa anthu oima pafupi. M'nyengo ya dzinja, pamene mphepo ya m'chigwa imakhala yachinyontho, chigoba chooneka chouma kunja chikhoza kukhala chonyowa m'ngodya za m'kati.

Masekondi a moto

Chifanizo chouma chimaikidwa m'bokosi lachitsulo, ndipo mchenga wouma umathiridwa pang'onopang'ono ngati mvula pamene bokosilo likunjenjemera pa tebulo la makina. Kunjenjemerako kumayendetsa mchenga ngati madzi, kulowa m'mphako zonse, n'kutsenderana. Palibe chibuma chapadera, palibe msoko. Kugwedeza kukachepa pamatsala malo ofewa pomwe chigoba chidzaphulikire. Kukachuluka mchenga umapala chigoba kapena kupinda chifanizo. Pothira zitsulo zolemera, mafakitale ambiri amaphimba bokosi ndi pepala la pulasitiki n'kulumikiza pampu yoyamwa mpweya. Mchenga umalimba ngati mwala, ndipo pampuyo imakokanso utsi kudzera m'chigoba.

Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 ndipo pa njirayi amathiridwa pa madigiri pafupifupi 750. Cast iron imathiridwa pa madigiri pafupifupi 1,400, steel kuposa apo. Kutenthaku kumakwezedwa pang'ono poyerekeza ndi njira ya mchenga wonyowa, chifukwa kuphwanya fomu kumadya mphamvu ya moto ya chitsulo chomwe chili patsogolo.

Zomwe zimachitika m'bokosimo palibe amaziona ndi maso, koma ofufuza anazijambula ndi makina a X-ray. Fomu imafota ikangodutsa madigiri 100, imasungunuka, kenaka imaphwanyika n'kusanduka mpweya. Pa aluminiyamu, mbali yaikulu imasanduka madzi okhuthala ngati uchi, ndipo chigoba chimawayamwa monga chingwe cha nyali chimayamwira parafini. Pa chitsulo chotentha kwambiri, fomu yomweyo imatulutsa mpweya wochuluka pafupifupi katatu, ndipo pakati pa chitsulo ndi fomu pamatseguka mpata wodzaza utsi. Mu mpata umenewo mchenga wonse wa pamwamba watsamira pa chigoba chokha ndi mphamvu ya utsiwo. N'chifukwa chake phala la aluminiyamu ndi la chitsulo sizibwerekana: loyamba liyenera kuyamwa, lachiwiri liyenera kupuma kwambiri ndi kupirira moto.

Wothira sayenera kudukiza. Akangoyamba, pothirira payenera kukhala podzaza mpaka mapeto. Akaima ngakhale pang'ono, mphamvu yokankha chigoba kuchokera m'kati imagwa ndipo mchenga umagumukira m'mphako. Chitsulo chikazizira, bokosi limapendeketsedwa, mchenga umakhuthuka wokha, ndipo chigoba chimasweka n'kuyoyoka. Mchenga woposa magawo 90 pa 100 umabwerera ku ntchito ukasefedwa ndi kuziziritsidwa. Kuuziziritsa n'kofunika, pakuti mchenga wotentha umafotetsa chifanizo chotsatira chitsulo chisanafike.

Kaboni, mdani wobisika

Polystyrene ndi kaboni magawo 92 pa 100 alionse pa kulemera kwake. Kaboni amene sanatuluke kudzera m'chigoba amatsala m'chikombole. Pa cast iron amaoneka ngati makwinya akuda onyezimira, makamaka kumtunda kwa chipangizo ndi kumalo komwe chitsulo chinafika pomaliza. Pa aluminiyamu, zotsalira za fomu zimalepheretsa mitsinje iwiri ya chitsulo kugwirana pomwe yakumana, ndipo pamatsala mng'alu wobisika. Pa steel ya kaboni wochepa vuto ndi lalikulu koposa: chitsulo chimamwa kaboniyo mosafanana, malo ena amalimba mopitirira muyeso, ndipo chipangizo chimavuta kudula kapena kuwotcherera ndiponso chikhoza kuthyoka mosayembekezereka.

Njira zolimbana ndi vutoli zilipo. Ena amagwiritsa ntchito fomu ya mtundu wina, yotchedwa PMMA, yomwe ili ndi kaboni wochepa koma imatulutsa mpweya wambiri ndipo ndi yokwera mtengo. Ena amasiya timatumba kumtunda kwa chifanizo momwe chitsulo choyamba, chomwe chanyamula litsiro, chimakathera n'kudulidwa pambuyo pake. Ku Sheffield m'dziko la Britain, bungwe lofufuza za steel la SCRATA linakonza m'zaka za m'ma 1980 njira yotchedwa Replicast, momwe chigoba chimachindikalitsidwa kufikira chitatha kuima chokha, fomu imatenthedwa mu uvuni, ndipo chitsulo chimathiridwa m'chigoba chopanda kanthu. Kaboni amatheratu, koma ntchito ndi mtengo zimakwera.

Pa nkhani imeneyi zipangizo za m'migodi zili ndi mwayi. Zitsulo ziwiri zomwe zimapirira quartz zili kale ndi kaboni wambiri. Choyamba ndi steel ya manganese, yomwe Robert Hadfield anaitulukira ku Sheffield m'chaka cha 1882. Ili ndi manganese magawo 12 mpaka 14 pa 100 ndi kaboni woposa gawo limodzi, ndipo khungu lake limalimba likamamenyedwa, n'chifukwa chake ndi yoyenera nsagwada. Chachiwiri ndi chitsulo choyera cha chrome wambiri, cha kaboni magawo awiri kapena atatu, chomwe chimapirira kukhulika m'mapampu a matope. Kaboni woonjezera pang'ono sazivulaza monga amavulazira steel wamba.

Komabe steel ya manganese ili ndi khalidwe lake. Ikakumana ndi silica pa moto waukulu, ziwirizi zimadyana n'kupanga chiphala chomata, ndipo mchenga umakakamira pa chipangizo moti kuuchotsa kumamaliza miyala yopalira. Chigoba chake chiyenera kukhala cha magnesite wootcha kapena ufa wina wosalimbana ndi manganese. Mmisiri amene wapaka phala la cast iron pa chifanizo cha nsagwada wataya kale chitsulo chake asanayatse ng'anjo.

Zomwe chigawo chili nazo ndi zomwe chikusowa

Miyala yambiri yofunika pa ntchitoyi ili pansi pa nthaka ya mayiko a kum'mwera kwa Africa. Chrome amakumbidwa m'mapiri a Great Dyke, omwe amadutsa kumadzulo kwa chigwa cha Mazowe. Magnesite amapezeka kufupi ndi Kadoma, mica ndi graphite m'dera la Karoi. Zircon amachokera mumchenga wa ku Moma m'dziko la Mozambique, komwe mgodi unayamba ntchito m'chaka cha 2007, ndi ku Richards Bay ku South Africa. Fakitale ya zitsulo ya ZISCO ku Redcliff inaima m'chaka cha 2008, koma ina yatsopano ku Manhize, kufupi ndi Mvuma, inayamba kutulutsa chitsulo m'chaka cha 2024.

Kukhala ndi mwala si kukhala ndi phala. Ufa uyenera kuperedwa pa muyeso umodzi nthawi zonse, ndipo thumba la mwezi uno liyenera kufanana ndi la mwezi watha. Apa ndi pomwe ambiri oyesa luso limeneli amagwera mphwayi, chifukwa phala lomwe linagwira dzulo limakana lero popanda chifukwa chooneka. Magetsi nawo ndi nkhani. Kusungunula tani imodzi ya steel m'ng'anjo yamagetsi kumafuna mayunitsi pafupifupi 600, ndipo kuchepa kwa madzi m'damu la Kariba m'zaka za 2022 ndi 2024 kunabweretsa kuzima kwa magetsi kwa maola ambiri pa tsiku. Chitsulo chikaumira m'ng'anjo, chiwonongeko chake chimaposa mtengo wa chipangizo chomwe chimafunidwa.

Chikombole cha aluminiyamu chopangira zifanizo ndi chodula, ndipo chimabweza ndalama pokhapokha ngati zipangizo zofanana zikufunika zikwizikwi. Mahamala ndi mipira zimakwanira muyeso umenewo. Koma luso lomweli lili ndi khomo lina, lomwe mwina ndi lofunika kwambiri ku dera lokhala ndi makina akale omwe opanga ake anatseka kalekale. Chipangizo chimodzi chokha chikhoza kusemedwa pa chibuma cha fomu ndi mpeni, ndi waya wotentha kapena ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, m'maola ochepa, popanda kalipentala wa zifanizo. Chifanizo chilichonse chimagwira ntchito kamodzi. Chikalakwika, kusema kumayambiranso. Ndiponso si fomu iliyonse yomwe ingagwire. Ya m'makatoni nthawi zambiri ili ndi timibulu tatikulu tosiya khungu lokhakhala, ndipo ya zomangamanga imathiridwa mankhwala oletsa moto omwe amasiya litsiro lambiri.

Pali nkhani ya utsi, yomwe siyenera kuchepetsedwa. M'chaka cha 2017 bungwe loona za chilengedwe la Environmental Management Agency linaletsa zotengera zakudya za kaylite m'dziko la Zimbabwe, potchula kuopsa kwake pa umoyo ndi kutseka kwake ngalande. Fomu ikapsa ndi chitsulo imatulutsa styrene, benzene ndi carbon monoxide. Benzene amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo m'chaka cha 2018 bungwe la International Agency for Research on Cancer linaika styrene m'gulu la zinthu zomwe zikuoneka kuti zimayambitsa khansa. Mafakitale okonzedwa bwino amakoka utsiwu ndi pampu n'kuutentha usanatuluke kunja. Mmisiri wothira aluminiyamu kuseri kwa nyumba alibe zimenezo, ndipo chochepa chomwe angachite ndi kuthirira pabwalo, ataima kumene mphepo ikuchokera, ana ali kutali. Fumbi la silica, lomwe ogwira ntchito m'migodi amalidziwa kale ndi matenda a m'mapapo amene limabweretsa, lilinso mumchenga wouma ndi m'zigoba zosweka.

Kwa mwini chigayo wa ku Jumbo kapena ku Shamva, amene sadzaona ng'anjo yomwe inapanga chipangizo chake, chigoba chimasiya zizindikiro zowerengeka ndi maso. Khungu loonetsa timibulu tofanana, lopanda msoko wozungulira, limasonyeza kuti chipangizo chinachokera ku fomu, ndipo pa lokha si chilema. Makwinya akuda, timaenje tounjikana mbali imodzi, kapena mzere wooneka ngati zitsulo ziwiri zinangogundana osagwirana, zimasonyeza kuti utsi sunatuluke bwino, ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Zigamba za mchenga wokakamira zimasonyeza chigoba chomwe chinasweka kapena chosayenera chitsulocho.

Chinthu chimodzi chigoba sichingakonze. Steel ya manganese ikangochoka mumchenga imakhala yosachedwa kuthyoka, ndipo imafunika kutenthedwanso mpaka madigiri pafupifupi 1,050 n'kuponyedwa m'madzi mwachangu kuti ipeze mphamvu zake. Maginito sagwira steel ya manganese yeniyeni yomwe sinagwirepo ntchito, choncho kamaginito ka m'sipika ya wailesi yakale ndi kokwanira kusiyanitsa nsagwada yotere ndi ya chitsulo wamba ndalama zisanaperekedwe.